Mtima Wobwereka

"Langa ayi. Dzanja langa lero ndakana, kapezeni lina."

Nasingano anayankha osadzutsa n'komwe mutu pa makina ake osokera. Phazi linali kupalasa, nsalu ikuyenda pansi pa singano, koma msoko wake unali utakhota kale ngati njira ya chidakwa. Amuna ake, a Mabuleki, anali chiimire pakhonde pomwepo, chikwama cha kuntchito chili paphewa, dzanja atatambasula. Pachikhatho pawo panali chibangili chakuda cha mphira, chopanda galasi, chopanda manambala, kunsi kwake kanyali kobiriwira kakuphethira.

"Mayi, nthawi ikutha. Chikakhalitsa osakhudza khungu chimakanena ku ofesi kuti chavulidwa. Mlongo wako wangochivula pamsewupa."

"Chivaleni inuyo. Kampani inapatsa ine kapena inu?"

"Iwe, usandiyambe."

"Ndakuyambani kale. M'mawa muja ndinakupezani muli bwanji kubafa? Mutakhala pa ndowa, thukuta lili kamukamu, dzanja pachifuwa, milomo itachita mbuu. Ndikufunsani, mukuti ndi mpweya wa m'mimba. Mpweya wanji wokhazika munthu wamkulu pa ndowa?"

Zibangilizi zinabwera chaka chomwechi ku kampani ya mabasi kumene a Mabuleki ankagwira udalaivala. Mabwana anayankhula mokoma kuti akufuna kusamala anthu awo. Chibangili chimamva kugunda kwa mtima, chimadziwa ngati munthu wagona kapena wachezera, n'kuuza foni, foniyo n'kuuza ofesi. Madalaivala anaomba m'manja tsiku limenelo, osadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Atangoona anzawo akuchepa mmodzimmodzi, chibangili chija anachipatsa dzina loti kazitape, ndipo anapeza njira yawo imene ankaitcha kubwereka mtima. Pamsewu ankachivala kondakitala, pansi pa mkono wa malaya. Kunyumba ankachivala mkazi. Mwini wake ankavala chakufa, chogula kwa wokonza mafoni kuseri kwa depoti, choti kapitawo aone ndi maso basi.

"Ukufuna ndikhale ngati mdala uja?" a Mabuleki anatsitsa mawu, maso ali kumpanda poopa makutu a anthu. "Munthu amene anandiphunzitsa kugwira chiwongolero uja. Foni yake inangofiira kamodzi, anamuitana ku ofesi, akuti kapumeni kaye bambo. Anamuperekeza kuchipatala? Anamupatsa ngakhale kam'bulu ka mankhwala? Anangomulanda makiyi. Mpaka lero akupumabe pamsika paja, akuyeza makala."

"Koma ali moyo."

"Moyo wanji umenewo?"

"Woti mkazi wake akamuitana amayankha."

A Mabuleki anaika chikwama pansi. Anali munthu wofatsa, ndipo dzina lawolo anzawo anawapatsa chifukwa ankayamba kuponda buleki bampu akadali kutali. Koma tsiku limeneli nkhope inali itauma.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi. Ntchito imeneyi ndiyo ikudyetsa nyumba ino, ndi ya mlongo wakonso. Akandigwira ine, Mluzu naye wapita, poti ndiye amavala masana. Ana ake aja udzawasokera chakudya pa makinapo?"

Apa ndiye anamugwira pakhosi. Mluzu anali mlongo wake wamng'ono wa bere limodzi, kondakitala wa basi ya a Mabuleki, ndipo ntchitoyo anachita kumupemphera Nasingano yemweyo. Phazi linaima. Anatambasula dzanja akuyang'ana kumbali, ndipo amuna ake anamumanga chibangili chija mwachangu, natulutsa foni.

"Aa, taona tsopano! Ukugunda ngati ng'oma. Tatsitsa mtima iwe. Ku ofesi aziti ndikutani ine, ndikuthamangitsidwa ndi agalu?"

"Ndiye ndisakwiyenso?"

"Udzakwiye mawa masana, chikakhala kwa Mluzu."

Anaseka okha. Nasingano anatenga lumo n'kuyamba kusula msoko wokhota uja.

Abale inu, pali ukapolo wina woti ukauza munthu angakuseke. Mkazi wamkulu ndi nzeru zake ankagonekedwa ngati mwana, chifukwa ola limene kampani inkafuna kuti dalaivala agone, iye ndiye amayenera kukhala chigonere, kaya diresi ya mwini yatha kaya sinathe. Kulira kunali koletsedwa. Kuthamangira zovala mvula ikayamba kunali koletsedwa. M'mawa foni inkalira mosangalala kuyamikira a Mabuleki kuti agona bwino, pamene mwini wake wadzuka maso ali psuu, mapazi atatupa moti nsapato ankachita kuzikakamiza. Nasingano ankadana nako kanyali kaja, ndipo ankawaopera amuna ake mantha oti chakudya chinasiya kumukomera.

Loweruka lina masana anamva mluzu kuchokera kumsewu, uja woitanira anthu pasiteji. Anali mlongo wake, akubwera movina, alamu ake a Mabuleki ali pambuyo atavala malaya oyera atsopano a timizere m'mapewa.

"Achemwali, tulukani mulandire ngwazi!" Mluzu anakuwa. "Depoti yonse ija, madalaivala onse aja, mtima wabwino kuposa onse ndi wa alamu! Akuti ukugunda ngati wa mnyamata wampira, tulo ngati ta khanda. Awapatsa basi yatsopano ija. Njira ya kumapiri, achemwali! Tiyamba sabata ya mawa ikatha."

Njira imeneyo Nasingano ankaidziwa, anadutsamo kamodzi maso atatseka. Chikweza chake basi imachita kubuula, mtsetse wake ndi wa makona okhaokha, phompho lili pambali. Kuchoka m'mawa, kukafika dzuwa litapendeka, dalaivala mmodzi yemweyo wopanda womulandira. N'chifukwa chake kampani inkaikako okhawo amene foni yawachitira umboni.

"Tulo timeneto ndi tanga," anatero pang'onopang'ono. "Mtima umenewo ndi wako ndi wanga, Mluzu. Basiyo akanapatsa ifeyo."

"Ha! Achemwali pa chiwongolero, tepi ili m'khosi!"

"Mkazi wina akanalulutira," a Mabuleki anatero akulowa m'nyumba. "Wanga akuchita ngati ndabwera ndi uthenga wa maliro. Tandipatsa madzi ndikasambe."

Amuna ake atangotseka chitseko cha bafa, Nasingano anamukokera mlongo wake kumpopi, natsegula madzi kuti phokoso libise mawu.

"Undiuze zoona, iwe. Pamsewu amakhala bwanji?"

"Bwinobwino."

"Undiyang'ane. Ndinakubereka kumsana ine, bodza lako ndimalidziwa likadali pakhosi."

Mluzu anakanda m'mutu, nayang'ana kubafa.

"Dzana anaimitsa basi patchire, akuti akaone tayala. Atachedwa ndinatsika. Ndinawapeza kumbuyo atagwada, atagwira bampala, akupuma ngati munthu wotsamwa. Okwera m'katimo amvekere, dalaivala wosamala bwanji uyu. Tsiku lina anadutsa siteji anthu akukuwa, iwo maso ali tong'o kutsogolo. Ndinachita kumenya chitseko kuti adzidzimuke."

"Ndiye iwe ukubwera kuno ukuimba mluzu?"

"Nanga ndilire? Achemwali, si ife tokha, theka la depoti likuyendera mitima yobwereka. Mabwanawo akanati ukadwala tikuchiza ubwerere pa ntchito, ndani akanabisa? Koma iwo akuti ukadwala tuluka, pageti pali ena akudikira. Ndiye munthu aziulula bwanji? Anatipatsa kazitape, ife tinamupatsa zoti azikanena."

"Zimene wakanenazo ndi zimene zawakweza kumapiri. Simukuona? Mwakumba dzenje, mwagweramo nokha."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Alamu akamva zedi adzanena okha."

"Adzanenera pati? Pa mtsetse, basi itadzaza anthu, iwenso uli pakhomo?"

"Musatiitanire minyama, inu." Mluzu anatseka mpopi, nkhope yachibwana ija itachoka. "Ndipo ndikuuzeni. Mukangoyerekeza kukaulula, mwapha nyumba ziwiri. Alamu ndi akulu, kwina sangawalembenso. Ine andilemba kuti ndine wakuba mtima, dzina langa liipa depoti iliyonse. Muganize bwino."

Nasingano anaganiza, inde. Sabata yonseyo ankasoka n'kusula, kusoka n'kusula. Lachitatu kunabwera mayi wa matimati, wokhala kuseri kwa mpanda, atanyamula nsalu yofewa ya maluwa. Mwana wake wamkazi anali atabwera kudzachira kwa amake, ndipo tsopano amabwerera kwa mwamuna wake kuseri kwa mapiri ndi khanda.

"Anasingano, mundisokere timadiresi tiwiri ndi kachipewa, kumeneko akuti kumazizira. Koma zithe pofika Lamulungu, anyamuka Lolemba."

"Lolemba? Pa basi iti?"

"Funso limenelo! Ya amuna anu, nanga iti? Ndakagula kale tikiti, mpando wa kutsogolo kwenikweni kuti mwana asamagwedezeke. Wogulitsa matikiti uja wandiuza yekha kuti mayi musade nkhawa, dalaivala wake ndi amene makina amuyeza kuti alibe kachilema n'komwe. Ndinati eya, ndimawadziwa, timapemphana mchere. Mwana wanga amaopa njira ija, koma nditamuuza kuti ndi a Mabuleki mtima wake unakhala pansi."

Nasingano anadzibaya ndi singano. Anaika chala m'kamwa. Mayi wa matimati anacheza za mitengo ya pamsika, za mpongozi wake waulesi, kenako anapita. Nsalu ya maluwa ija inatsala pa makina, ndipo Nasingano anakhala akuiyang'ana mpaka dzuwa linafika pakhonde.

Lamulungu masana, a Mabuleki ali pampando akupukuta nsapato, iye anagwada pafupi nawo, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

"Bambo, ndikupempheni. Tiyeni kuchipatala mawa, ife tokha, kampani isadziwe. Mukanene kuti mwadwala malungo."

"Tsiku loyamba la njira yatsopano? Ndiye aziti chiyani? Ndipo dokotala ukumudziwa iwe, akangoika chomvera chake pachifuwa apa ati siyani kuyendetsa. Kenako?"

"Kenako tidzaona. Makinawa alipo."

"Makina!" anaseka mowawidwa. "Ndizikhala pakhonde kukuikira ulusi m'singano? Tamvera, mayi. Ndingokhazikika kaye pa njirayi, mwezi umodzi, iwiri, kenako ndipita ndekha. Ndalumbira."

"Pakadafunda padajiwitsa galu."

"Ndiye ine ndi galu?"

"Mwana wa mayi wa matimati akwera mawa, ndi khanda. Akhala kumbuyo kwanu kwenikweni."

Dzanja la a Mabuleki linaima pa nsapato. Kwa kanthawi Nasingano anaona ngati afewa. Koma anapumira m'mwamba n'kuyambanso kupukuta, mwamphamvu kuposa poyamba.

"Sindinaphepo ngakhale nkhuku pamsewu ine. Thupi langa ndimalidziwa, likayamba ndimaima. Nkhani yatha."

Lolemba kunacha bwino, kopanda mtambo. Nasingano anasita malaya oyera aja, naika madzi akumwa m'chikwama. Chibangili chamoyo chinali pa dzanja lake, chakufa chinali patebulo pamene amuna ake ankachisiya. Zinali zofanana ngati mapasa, kusiyana kwake kanyali kokha, kamene munthu sangakaone chikamangidwa. Mluzu atangoimba kumsewu, a Mabuleki anali akulimbana ndi nsapato, atawerama, akupuma movutika. Nasingano anatembenukira kukhoma, navula chake, natola chinacho.

"Bweretsani dzanja, ndikumangeni ndine lero," anatero.

A Mabuleki anamuyang'ana modabwa, kenako anamwetulira.

"Eya, ndiye mkazi wanga ameneyu. Ndimadziwa kuti ubwera."

Anawamanga chamoyo, nakokera mkono wa malaya pamwamba pake, namanga batani. Mluzu analowa mothamanga atapinda kale mkono, ndipo iye anamumanga chakufa chija, namukokera malaya.

"Achemwali mwasintha bwanji lero! Tikubweretserani chiyani kumapiri?"

"Mungobwera," anatero.

Atangokhota pakona, Nasingano anatseka nyumba n'kuwatsatira chapatali. Depoti inali pamwamba pa kachitunda, ndipo anaona amuna ake akuima kawiri panjira, akunamizira kumanga chingwe cha nsapato. Iye anakaima kunja kwa mpanda wa waya, kuseri kwa ogulitsa nthochi. Basi yatsopano inali pamzere, ikunyezimira. Anthu ankakwera, katundu akulowa kunsi, Mluzu akukuwa mayina a masiteji. Anaona mayi wa matimati akukweza mwana wake, khanda lili m'kachipewa ka maluwa, ndipo anakhaladi mpando wa kutsogolo.

A Mabuleki anaonetsa dzanja kwa kapitawo, nakwera, naliza injini. Kapitawo anabwerera mu ofesi. Palibe chinachitika.

Nasingano anagwira waya. Mwina chibangili sichinakhudze bwino khungu. Mwina mtima uja lero wasankha kukhala bwino, monga amachitira mwana wodwala akafika pamaso pa dokotala. Mipando inadzaza. Mluzu anamenya mbali ya basi kawiri, natseka chitseko cha katundu. Mlonda anayamba kukoka geti. Basi inasuntha, ndipo Nasingano anatsegula pakamwa kuti akuwe pamaso pa anthu onsewo, zivute zitani.

Asanakuwe, chitseko cha ofesi chinatseguka. Kapitawo anatuluka chothamanga, foni yaikulu ili m'manja, dzanja lina akukupiza m'mwamba. Basi inaima mphuno ili pageti.

"Tsikani kaye, bambo."

A Mabuleki anatsika. Nasingano anali atalowa kale, mlonda osamuona, ndipo anamva zonse.

"Mtima wanu ukudumphadumpha chichokereni kunyumba. Ku likulu aimba, akuti basi isatuluke. Tione chibangili."

"Chalakwitsa chimenecho, bwana. Inu nomwe munati mtima wanga..."

A Mabuleki anapinda mkono molimba mtima, poti ankaganiza kuti avala chakufa ndipo vuto lili kwa Mluzu. Kapitawo anachitembenuza. Kanyali kobiriwira kanaphethira pa khungu lawo. A Mabuleki anakayang'ana ngati aona njoka m'thumba. Mluzu naye, mutu utamuzungulira, anachita chinthu chopusa kwambiri pa moyo wake: anapinda mkono wake pomwepo kuti aone chimene wavala.

"Oho," anatero kapitawo. "Kondakitala nayenso ali ndi chake? Anakupatsa ndani?"

Okwera anali atatulutsa mitu m'mawindo. A Mabuleki anadzutsa maso pang'onopang'ono, nayang'ana uku ndi uku, mpaka anamupeza mkazi wawo ataima pafupi ndi mulu wa matayala.

"Makiyi," anatero kapitawo. "Ndi malayawo mubweze ku ofesi. Iwe kondakitala, chikwama cha matikiti."

Nasingano anathamangira kutsogolo.

"Bwana, ndine mkazi wawo. Mwaona nokha kuti akudwala. Galimoto ya kampani ili apoyo, tithandizeni tiwafikitse kuchipatala."

"Zimenezo ndi za kubanja, mayi. Munthu wonamiza kampani si wantchito wathu, kuyambira pano."

"Si inu munati zibangilizi n'zowasamalira?"

"Tawasamala. Akanafera pamsewu." Anatembenuka n'kukuwira kumbuyo. "Ndani ali pafupi? Itanani uja wangofika kumene, atenge basi iyi. Anthu achedwa!"

Anatuluka atatu pageti, a Mabuleki atatsala ndi kamalaya kam'kati. Mluzu sanadikire kuti afike patali.

"Mwakhuta? Ndikufunsa inu, mwakhuta? Ndinakuuzani pampopi paja, nyumba ziwiri! Munandimanga nokha, ine n'kumati achemwali asintha. Ana anga akalira njala ndidzawatumiza kwa inu."

"Ukanakhala pakhomo la basi ija, Mluzu. Ndimafuna ubwere."

"Ndabwera, si uyu ndili pano? Mundidye tsopano. Kuyambira lero ine mlongo ndilibe."

Anaponya chibangili chakufa chija m'ngalande n'kumapita, osacheuka. Nasingano analibe nthawi yolira, chifukwa a Mabuleki anali atakhala pansi m'mphepete mwa msewu, dzanja lili pachifuwa. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Ndinamwetulira," anatero motsitsa. "Ukundimanga ine n'kumamwetulira."

"Mudzandida muli moyo, bambo. Dzukani tipite kuchipatala."

"Ukuganiza kuti wapulumutsa anthu, eti? Tayang'ana."

Basi inali kutuluka. Pa chiwongolero panali bambo wina wonenepa, maso ofiira, akuyasamula. Anaonetsa dzanja lake kwa kapitawo pawindo, kapitawo nagwedeza mutu. Pakhomo panali kondakitala wake, ndipo pamene basi inkakhota kulowa mumsewu, Nasingano anamuona akukokera mkono wa malaya pansi n'kumanga batani, kunja kukutentha chonchi.

"Uyo wangofika kumene, sanagone," a Mabuleki anatero. "Ndipo ndi wa shuga. Dzuwa likakwera maso amachita mdima, msewu amauona pawiri. Depoti yonse ikudziwa, kupatula ofesi. Ine bola ndimadziwa kuima. Uyo saima."

Pawindo la kutsogolo kadzanja ka khanda kankagwedezedwa ndi amake, kutsanzika. Mayi wa matimati anali pambali pa msewu akukupiza mpango wake mpaka basi inalowa m'chigulu cha magalimoto. Kenako anawaona awiriwo, nabwera akupukuta misozi ya chisangalalo.

"Anasingano, inunso munabwera? Nanga a Mabuleki zatani, bwanji atsika? Ine ndinadalira iwo. Koma winayu nayenso ndi woyezedwa, eti? Ndaona waonetsa chake chija."

Nasingano anayang'ana amuna ake. Iwo anapukusa mutu pang'ono, kumuchenjeza.

"Mwana wanu ali ndi foni?" Nasingano anafunsa mayi uja.

"Ali nayo. Bwanji?"

"Muimbireni atsike pa siteji yoyamba."

Mayi wa matimati anaseka. "Atsike? Ndi katundu yense uja, tikiti yolipira kale?"

"Mayi," a Mabuleki anauza mkazi wawo ali pansi pomwepo, "uchotsetsanso wina ntchito. Uyonso ali ndi ana."

Nasingano anapitiriza kuuza mayi uja: "Katundu apite, adzamupeza. Muuzeni atsike ndi mwanayo, ndipo anene mokweza chifukwa chake, onse m'basimo amve. Dalaivala uja sakuona bwino."

Kuseka kuja kunazima. Mayi wa matimati anayang'ana Nasingano, anayang'ana bambo wokhala m'fumbi uja ndi milomo yake yotuwa, kenako anayamba kufunafuna m'chikwama mopupuluma. Foni inagwa pansi. Nasingano anaitola, naipukuta pa chitenje, namuikira m'manja.

"Imbani," anatero. "Asanafike pa chikweza."